Yankho la Esinati m'kalasi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno ku Lisasadzi tili moyo, koma amayi mwendo ukuwavutabe. Fodya tamanga kale, tikudikira msika.

Pepala lija munanditumizira, lonena za ufulu wa anthu akuda, ndinawerengera ana a Sitandade 5. Ndinawafunsa chifukwa chake wolembayo ananena kuti "tikufuna" osati "tikupempha". Anaimirira Esinati yekha, mwana wa a Phiri aja Mzungu anawatcha boyi kumsika wa fodya mwanayo akuona.

"Aphunzitsi, munthu amapempha chinthu cha mwini. Chake amangochifuna."

Misozi inalengeza m'maso mwanga, achimwene.

Mawa lake aphunzitsi aakulu anandiitana, nati, "Masiku a Chitaganya ano zandale m'kalasi ayi, ntchito ikutherani." Sindiwada, nawonso ali ndi ana oti adyetse. Pepalalo ndabisa, koma mawu a Esinati ana apita nawo kwawo.

Mundipempherere ntchito isathe, ndipo mukapeza lina tumizanibe. Mulungu akusungeni kumgodiko.

Ine mng'ono wanu,
Yohane