Mpungabwi wa Tadala wasanduka mfutso

Lachitatu, mwezi wa Meyi. Tsiku loipa, mutu ukuwawa ndi mkwiyo.

Mpungabwi ndi chanzi zomwe ndinathyola kuphiri zawonongeka. Mwana wanga Tadala akuzifuna kukoleji kuti akapime mafuta a m'masamba, akuti muli mankhwala oteteza thupi. Anandiuza pafoni, "Amayi, muyanike pamthunzi. Masamba akatenthedwa, mafutawo amathawa." Ndinayanika pamphasa m'chipinda, n'kupita ku Chinakanaka kukagulitsa nthochi.

Pobwera ndapeza alamu anga, a Esinati, awiritsa masamba onse ngati khwanya, n'kuwayanika padzuwa. Madzi ake, momwe munatsalira fungo lonse, akhuthulira kudzala.

"Ndakuthandizanitu, alamu," akutero. "Masamba osafutsa amachita nkhungu."

Ndani anawatuma? Ndani anadyapo ndiwo za mpungabwi? Ndanunkhiza masambawo, angokhala ngati udzu wa padenga. Miyendo idakali yotupa ndi chitunda chija, ndipo Tadala akubwera Loweruka. A Esinatiwo ali pakhonde, akuuza aneba kuti ndine wosayamika.

Mawa ndikwereranso kuphiri, chipinda ndikhoma ndi loko. Koma mfutso wawowo sinditaya ayi. Ndiwaphikira bwinobwino, ndithiremo nsinjiro, adye okha ine ndikuwayang'ana.