Stephano Asabwereke Foni

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wanga Stephano. Kuno ku Al Furjan kutentha kwayamba kuchepa, ndipo ana a madamu amene ndimawagwirira ntchito akundizolowera.

Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi tinakacheza kwa Lennah, mnzanga wa ku Chipata. Mlamu wake Eddie, katswiri woseketsa anthu, anayamba kutsanzira munthu wolumala, akukoka phazi, dzanja atapinda. Lennah anamukalipira: "Khalas, basi, Eddie! Ulumali si choseketsa."

Iye anati, "Nthabwala ilibe malire, mlamu. Ukatseka pakamwa pa woseketsa, mawa atseka pako. Benedicta, ndikunama?"

Ine ndinati, "Musiyeni, ndi zocheza chabe." Ndipo ndinaseka, Azakhali, mpaka misozi. Anzangawa amadziwa kuti ndili ndi mwana, koma sindinawauzepo mmene amayendera.

Wina anajambula vidiyo, ndipo ndamva kuti yafika kale pagulu la WhatsApp la kumpingo kwathu kumudziko. Nkhope yanga ikuoneka bwinobwino. Stephano amakonda kubwereka foni yanu. Sabata ino muzimuuza kuti batire yatha.

Nsapato yake yapadera ija ikumuthinabe? Ndafunsa kale kumene amasoka zotere.

Ngati vidiyoyo waionera kale, mundiuze zimene wanena. Kapena ayi, musandiuze.

Ndine mwana wanu,
Benedicta