Kiyi wa Chipinda cha ku Ntaja Sindipereka

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti khanda lathu likutsokomola, moti mtima wanga suli m'malo.

Katundu wanu ali bwinobwino m'chipinda tinachita lendi ku Ntaja chija. Pansi ndinayala njerwa kuopa chiswe, ndipo katoni iliyonse ndinailembera mzere wa makala pakhoma, kuti ikachoka ndidziwe.

Lachisanu atsibweni anabwera pa kabaza, ati akufuna kubwereka matiresi anu ndi mapoto pa ukwati wa mwana wawo. Pajatu wailesi anabwereka chaka chatha ija sinabwerere. Ndinati, "Iyayi atsibweni, eniake sanandiuze."

Iwo anati, "Iwe mwana wa dzulodzuloli! Nkhoswe yako ndine. Banja lako likadzavuta, udzaitane makatoniwo."

Sindinama, mawuwo anandiopsa, poti mwana akudwala ndipo kuchikamwini kuno wondiyankhulira ndi iwo okha. Komabe kiyi sindinapereke, ndipo sindipereka. Ngati mukufuna atenge, muwaimbire nokha ine ndili pomwepo, ndimve ndi makutu anga. Apo ayi, akwiye basi.

Mutipempherere, makamaka mwanayu. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Limbani