Dzina la Kamtsinje ka Kuseri kwa Nyumba

Crandon, Wisconsin

Achimwene anga a Leland,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kwathuko ku Mayetta. Bondo lija likuti bwanji? Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwa kuno n'koluma mafupa, ndipo galimoto langa limalira likafuna lokha.

Ntchito yojambula mawu a akuluakulu ikuyenda. Anandipatsa a Orville, mmodzi mwa ochepa otsala amene anayamwira chiyankhulo chathu cha Chipotawatomi kubere. Ndimapita kwawo m'mawa ndi fodya wa ulemu ndi makina anga. Amandiseka kuti ndimayankhula ngati bakha wa chimfine.

Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. Ndikawafunsa mawu amayankha mwachidule. Tikangotha kudya mpunga wakuthengo masana, amatembenukira mpando wopanda munthu wa pawindo n'kuyamba kucheza. Amayankhula, kudikira, kugwedeza mutu, kenako kuseka. Mwana wawo, a Joyce, amawanena kuti, "Bambo, alendo anuwo muziwauza azibwera ndi nkhuni." A Orville akuti akufa athu akale Chingerezi sachifuna, ndiye amadza kwa iwo poti kwina kulibe wowayankha.

Lachiwiri anandiuza kuti pampandopo pali kamtsikana kometedwa tsitsi, kovala yunifolomu ya sukulu zogonera zija ankatengerako ana a mtundu wathu mokakamiza. Akuti si kakuno. Kamva mmene ndimatchulira mawu ndipo kadziwa kuti ndine wa ku Mayetta. Akuti mlongo wake ndi Nibakwa. Achimwene, limeneli ndi dzina la agogo athu aamuna, ndipo sindinalitchulepo kwa munthu kuno. Ngakhale pamanda pawo analembapo Joseph.

Mwanayo akufuna kubwerera kwathu koma njira inamusokonekera. Akuti atangomva dzina lenileni la kamtsinje ka kuseri kwa nyumba yathu, akafika. A Orville salidziwa. Ine ndimangodziwa lachingerezi.

"Muyankhe," anatero a Orville. "Nanga chiyankhulochi ukuchiphunziriranji?" Ndinayang'ana mpandowo n'kunena m'chiyankhulo chathu kuti adikire pang'ono. Akuti mwanayo anaseka katchulidwe kanga, koma anavomera.

Pomvetsera zimene ndinajambula tsikulo, pambuyo pa mawu angawo pakumveka kaphokoso. A Joyce akuti ndi mbaula. Ndabwereza kangapo. Mbaula sikoka mamina.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa amalume a Cletus ndi fodya, mukawafunse dzina la kamtsinjeko, komanso ngati bambo awo anali ndi mlongo amene sanabwerere kusukulu. Musalilembe, zilembo zingatinamize. Mukawajambule pafoni, alitchule pang'onopang'ono. Akayamba nthabwala zawo zija muwapirire, koma musachoke asanalinene.

Musachedwe chonde. A Orville ayamba kusiya chakudya m'mbale, ndipo dzulo anagona m'kati mwa nkhani. Akapita iwo, mwanayo adzatsala akuyang'ana ine, ine wa mawu ochepa chonchi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali a Bernice, ndi kwa ana onse. Amayi musawauze kaye mpaka timve zimene amalume anene.

Ndine mlongo wanu amene ndikudikira pamodzi ndi mwanayo,

Verna