Bambo a ku Bawi amene tinawapeza pa famu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uli bwanji? Ine kuno ku Joni ndili bwino.

Lamlungu lapitali, ine ndi anzanga amene timagwira nawo ntchito yoperekera zakudya pa njinga zamoto tinati tithaweko phokoso la ku Hillbrow. Tinalowera cha ku Magaliesburg, njinga zili pamzere. Chimanga cha m'mbali mwa msewu chinandikumbutsa masiku aja munkandikweza pakaliyala popita kumsika wa Lizulu.

Mvula itatipeza, tinakausa pa famu ina. Mlonda wa pamenepo, bambo achikulire, atatimva tikucheza anasendera pafupi.

"Ana inu, Chichewa chimenechi?" anatero.

Dzina lawo ndi a Jelemiya, kwawo ndi ku Ntcheu konko, cha ku Bawi. Anabwera kumigodi akadali mnyamata ndipo sanabwererenso. Chichewa chawo chasakanikirana ndi Chizulu, koma mayina a azichemwali awo amawatchula osaphonya, Esinati ndi Rute. Anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi alipobe?"

Pobwerera palibe amene anathamangitsa njinga.

Chonde achimwene, mukafunseko ku Bawi za amayi awiriwa. Ndinawalonjeza bambowo kuti ndibwerako ndi yankho, kaya lokoma kaya lowawa. Amayi muwauze kuti Khirisimasi ino ndidzadyera kumudzi, asandiwerengere m'gulu la matchona.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Limbani