Shuga wa amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nsambe tilipo, koma amayi ndiwo atidetsa nkhawa.

Chichokereni inu chitatha chisankho chija, akhala akuwonda, kumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Ife tinkati magazi achepa, ndiye shuga mumatumiza uja tinkawathirira wambiri m'phala kuti apeze mphamvu. Lachiwiri anakomoka kudimba. Adokotala akuti ndi matenda a shuga: thupi lawo likulephera kumugwiritsa ntchito, amangounjikana m'magazi. Eti ife tinkawonjezera matendawo!

Pano akumwa mankhwala ndipo akupezako bwino. Chonde shugayo musatumizenso. Paketi yomaliza aibisa m'sutikesi, akuti, "Musaitsegule, ndi ya mwana wanga."

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati