Sindituluka M'nyumba ya Agogo

Nsanama,
Machinga.
14 Okutobala, 2024.

Okondedwa Malume Elliam,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi akunyumba. Foni yanu ikungoitana, ndiye kalatayi ndapatsira a Sharifu oyendetsa thiraki kuti akusiyireni m'manja. Kuno tadzukako, kungoti dzuwa lanyanya.

Malume, ndisazungulire. Nyumba ya matabwa ija anamanga Agogo, bambo anu, akufuna kuigwetsa mwezi wamawa, mwambo wa maliro awo ukatha. Akutsogolera nkhaniyi ndi a Feston, msuweni wanu. Akuti makolo athu anabwera nalo lamuloli kuchokera ku Mozambiki, kuti mwini nyumba akamwalira, nyumbayo imamutsatira.

Ine ndinaimirira pa msonkhano wa abale, ngakhale amayi ankandikoka chitenje. Ndinati nyumba zomwe makolo ankagwetsa zinali zaudzu ndi dothi, zoti mawa udzutsa ina. Koma mlombwa uja Agogo anacheka okha m'phiri la Chikala, lero muupeza kuti? Phirilo linatha ndi makala. Khoma la nyumbayi lilibe msomali, ndi zikhomo zamtengo zokhazokha, ndipo chiswe chinagonja chifukwa anaikhazika pamiyala. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba zanjerwa kuno, anthu anathawira m'menemo, Akhristu ndi Asilamu omwe, mpaka mkazi wa a Yunusu oyandikana nafe anachiriramo mwana wamkazi.

A Feston anaseka. "Iwe Chiyamiko, digiri yako ija ndi yoyankha akulu? Ukufuna mzimu wa agogo ako uzikawerenga Chingerezi?"

Ndinati, "Iyayi, a Feston. Ndikungodabwa kuti dzana a Jimu akalipentala amayeza matabwa a pakhonde. Kodi mzimuwo unaitanitsa mipando?"

Msonkhano unathera pomwepo. Ndikudziwa mukhumudwa ndi pakamwa panga, koma mawuwo sindibweza.

Maganizo anga ndi awa. Chipinda chachikulu chikhale chowerengeramo ana, tiike sola, mabuku anzanga a ku koleji alonjeza kale. Chipinda cha Agogo chikhale momwe chilili, ndi sowo yawo yaitali ija pakhoma, ana aziona kuti munthu ankatha kumanga chinthu chokhalitsa ndi manja ake. Ndinapita ku Boma kukafunsa ngati angaiteteze ngati chinthu chamakedzana. Anandilandira bwino, koma akuti ndidikire abwana. Kudikirako ine kumandipweteka mutu, ndipo nkhwangwa ya a Feston siidikira abwana.

Choncho ndinanyamula mphasa ndi chikwama n'kulowamo. Ndikugona momwemo, ndikuphika momwemo. Agwetse ndili m'kati, tione.

Sindikunamizani, zandivutako. Amayi a kumpingo akandiona pamjigo amasuntha zidebe zawo. Amayi anga enieni, mlongo wanu Bernadetta, salowa. Amafika pamakwerero, n'kuika chinangwa chophika pansi, n'kuima akuyang'ana chitseko cha bambo awo. Dzulo anagwira mzati wa pakhonde nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanawe, ine mawu ndilibe. Mwini mbumba ndi Elliam." Sanandiuze kuti nditulukemo. Inu mlongo wanuyo mumamudziwa, mumvetsa nokha.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Muwaimbire a Feston, munene kuti nyumba isagwe. Inu mukalankhula, palibe atsutse. Ngati akuluakulu akufuna kuti mwambo uoneke kuti wachitika, agwetse kakhitchini kaudzu ka kuseri, Agogo ankakhalitsanso momwemo. Ine ndidzathandiza kukankha.

Moni kwa akunyumba, kwa Dave ndi Jane. Muwauze anawo kuti kwawo kuli nyumba yonunkhira mtengo mvula ikamagwa, abwere adzaimve okha. Amayi akupereka moni, akuti mwaonda pa chithunzi chija.

Chinanso, koma ichi chikhale cha awirife. Bungwe lina ku Lilongwe linandiitana kuti ndikayambe ntchito lero Lolemba. Mukudziwa momwe ndalirira kuchoka ku Nsanama kuno chimalizireni sukulu. Minibasi yadutsa m'mawa uno, kondakitala akuitana, ine ndili pakhonde ndi tsache. Ndikanakwera, a Feston sakanadikiranso mwezi wamawa, pofika madzulo denga likanakhala pansi. Ntchito ina ndidzaipeza, mutu ndili nawo. Koma amayi musawauze, angalire kawiri.

Imbani msanga, Malume.

Ine mphwanu wosamva uja,
Chiyamiko